Stopcock yolimba pa nyumba yakale ku Nchalo: tinaimasula, paipi n'kutithyokera m'manja

Ntchito imene anandiitanira inali ya mphindi khumi. Thanki ya chimbudzi inkasefukira, madzi akudontha pa kapaipi kakunja usana ndi usiku, mpaka pansi pake panamera udzu wobiriwira mwezi wa Okutobala, nthawi imene ku Nchalo ngakhale mbuzi zimasowa chobudula. Pa nyumba imeneyo ndinathapo masiku atatu. Ndalemba izi kwa anzanga a ntchito ya mapaipi kuno ku chigwa cha Shire, makamaka amene angoyamba kumene, chifukwa zina ndinachita bwino koma chimodzi ndinalakwitsa maso ali tong'o.

Mwini nyumba ndi mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma, amakhala ndi zidzukulu zitatu. Nyumba yawo ndi ya njerwa zootcha, ndipo amati inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, minda ya nzimbe itayamba kukokera anthu kudera lino. Mapaipi onse ndi achitsulo a galavanaizi, a hafu inchi, ndipo palibe ndi imodzi yomwe inasinthidwapo. Madzi osefukira analowa pabwalo pawo kawiri motsatizana, nthawi ya namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi ya Freddy mu Malichi 2023. Atachoka madzi achiwiriwo, mayiwo anaitana mmisiri kuti akweze khonde lakuseri. Mmisiriyo anathira simenti mozungulira paipi yolowa m'nyumba, n'kusiya stopcock, valavu yotsekera madzi onse olowa m'nyumba, ili m'kadzenje kolowa dzanja limodzi, theka lake litakwiririka ndi matope ouma. Kuchokera pa stopcock kufika pamene paipi imalowa m'khoma panali mpata wa zala zitatu zokha. Mpata umenewu muukumbukire, tiubwerera.

Ndisanafike, mdzukulu wawo wamkulu, mnyamata wa Fomu 3, anali atayesa kale kutseka madzi. Atalephera ndi manja anatenga pulayala, kenako nyundo. Ndinapeza mbali imodzi ya chogwirira itathyoka, inayo itapindika. Nditamufunsa kuti ankapotokolera mbali iti, anandionetsa ndi dzanja: kumanzere. Ndiye kuti ankatsegula chinthu chotsegula kale, n'kumachikhomerera m'mwamba. Stopcock imatsekedwa popotokolera kumanja, mmene muvi wa wotchi umayendera.

Ndinafukula matope ndi kampeni, n'kupukuta ndi bulashi ya waya. Pa nati yaing'ono yofinya pakingi, imene imatchinga madzi kuti asatulukire m'munsi mwa chogwirira, panali chikhungwa choyera chosakanikira ndi chobiriwira, cholimba ngati chigoba cha nkhono. Spindle, kamtengo ka mazinga kaja kamene chogwirira chimazunguza, inali itakwera mpaka pothera. Thupi la stopcock linali ndi mawanga ofiirira. Pa mazinga a paipi ya mbali ya nyumba, pa mpata wa zala zitatu paja, dzimbiri linali litatupa ngati matuza. Ndinaliona, ndinalikhudza ndi chala, n'kupitirira.

Chosankha choyamba chinali chosakoka stopcock ndi mphamvu tsiku limenelo. Mayiwo sanakondwe.

"Bambo pulambala, ine ndakuitanirani ntchito. Bobojani muli naye m'chikwamamo, bwanji osangokoka?"

Ndinawafunsa kuti ikathyoka madzi titsekera pati. Tinapita ku mpanda kukafuna mita. Bokosi lake linali litakwiririka, tinakumba ndi khasu. Valavu ya patsogolo pa mita nayo inali yolimba, ndipo imeneyo si yathu, ndi ya eni madzi. Ukaithyola, madzi amatayika opanda wotseka, mlandu n'kukhala wako. Choncho nyumba yonse inalibe paliponse potsekera madzi. Kukoka spindle ya zaka 50 zinthu zili choncho n'kutchova juga ndi nyumba ya mwini.

Pali chiyeso chimene tonse kuno timachidziwa. Magetsi akazima mapampu amaima, mipopi n'kuuma, ndiye mtima umati gwira msanga madzi asanabwere. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ananena zomwezo masana amenewo ataona kuti mpopi wa kukhitchini wayamba kupuma mpweya. Ndinakana. Madzi amenewo sauza munthu nthawi yobwerera, ndipo amabwera paipi ili pululu, iwe uli kumsika kofuna soketi yolumikizira paipi.

Kutayika kwa madzi ndinakuletsa m'njira yachikale. Ndinagoneka kamtengo pamwamba pa thanki ya chimbudzi, n'kumangirira mkono wa mpira woyandama m'mwamba ndi mphira ya chubu cha njinga. Kudontha kunachepa kwambiri. Ndinawauza kuti usiku umenewo azithira madzi m'chimbudzi ndi ndowa. Kenako ndinapita ndi mayiwo ku ofesi ya zamadzi kukapempha kuti atitsekere mawa lake m'mawa, ndipo anavomera.

Madzulo omwewo tinayamba kuinyengerera stopcock. Apa anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Chikhungwa choyera chija si dzimbiri, ndi zotsalira za mchere ndi laimu wa m'madzi, ndipo mafuta sachisungunula. Chimafewa ndi zowawasa. Ndinanyika nsanza mu viniga, n'kukulunga pa spindle ndi pa nati kwa ola limodzi, kupukuta ndi bulashi, kukulunganso. Viniga akasowa, madzi a mandimu amagwira ntchito yomweyo. Chikhungwa chitachoka ndinamasula nati ya pakingi theka la kuzungulira, osapitirira, chifukwa m'paipi munali madzi. Nthawi zambiri chimene chimagwira spindle ndi pakingi youma imene yaikakamira, osati mazinga am'kati. Ndinapopera mafuta omasulira mabawuti pampata umene unatseguka, n'kuvindikira ndi chitini kuti fumbi lisalowe.

Ndimve bwino apa, anzanga. Ndaonapo anthu akuthira mafuta a mabuleki, oilo wakuda wa galimoto, ena palafini. Madzi odutsa pamenepo ana amamwa. Mafuta a mabuleki ndi poizoni, ndipo oilo ndi palafini zimaononga labala. Ngakhale mafuta opopera enieniwo muziika pang'ono, kunja kokha, ndipo ntchito ikatha madzi oyamba muziwataya.

Tsiku lachiwiri a zamadzi anafika ndi kiyi wawo, analimbana ndi valavu yawo mpaka inatseka. Ndinatsegula mpopi wa panja, umene uli m'munsi kuposa yonse, kuti mapaipi akhuthuke. Mnyamata wophunzira ntchito uja anagwira thupi la stopcock ndi bobojani kuti mphamvu isapite pa paipi, ine ndinaika sipanala yaing'ono pa chotsalira cha chogwirira. Yaing'ono dala. Ukaonjezera kutalika ndi chidutswa cha paipi, dzanja silimvanso zimene mkuwa ukunena, ndipo spindle ya mkuwa imapotoka n'kuduka usanazindikire. Poyamba sinasunthe. Tinakulunga thupi lake ndi nsanza n'kuthira madzi owira a m'ketulo, kuti lifutukuke pang'ono. Moto sindinaufune: umapsereza washala ndi pakingi, komanso pamenepo panali mafuta opopera aja. Ndinagogoda mopepuka pamwamba pa spindle ndi chigwiriro cha nyundo, n'kuyesanso kumanja. Inati khe, n'kusuntha ngati kukula kwa njere ya mpunga.

Ikasuntha choncho m'pamene ambiri amaithyolera, chifukwa cha chimwemwe. Ndinabwezera kumanzere pomwe inachokera, kumanja pang'ono, kumanzere, kumanja mopitirirako, ndikudonthezera mafuta. Madzi akuda ankatuluka pa nati. Patatha ngati mphindi 20 inkazungulira ndi zala mpaka pansi. Mdzukulu uja anaomba m'manja, mayiwo anatumiza mwana kukagula zakumwa zozizira.

Tinapempha kuti atsegule valavu yakunja kuti tiyese. Stopcock ili yotseka, mpopi wa kukhitchini unkatulutsabe madzi ngati kukula kwa pensulo. Kuzungulira ndi kutseka ndi zinthu ziwiri. Musamachoke pa nyumba ya munthu chifukwa choti chogwirira chayamba kuyenda. Yesani ndi madzi.

Atatsekanso kunja ndinamasula mutu wonse wa stopcock. Washala inali itauma ngati khala, yong'ambika pakati, ndipo m'kati munali mchenga. Zimenezo n'zosavuta. Chimene chinandidetsa nkhawa ndi mpando pamene washala imakhala: unali ndi ngalande yodyeka kuchokera m'kati kufika kunja. Nditapala ndi nsonga ya mpeni, m'malo mwa chikasu chowala munatuluka zofiirira, zonyenyeka ngati njerwa yosapsa. Mkuwa wa mipopi ndi kopa wosakaniza ndi zinki. Madzi a mchere, makamaka ofunda, amakoka zinkiyo pang'onopang'ono, n'kusiya kopa wa timabowo amene amaoneka wamphumphu koma alibe mphamvu. Aliyense amene anamwapo madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje akudziwa mchere umene ndikunena, ndipo paipi yodutsa pamtunda kuno masana imatulutsa madzi oti ungasambe osawatenthetsa. Mawanga ofiirira a kunja aja anali matenda omwewo atatulukira pakhungu.

Ndinawaonetsa mayiwo nsonga ya mpeni.

"Ndiye mwavutikira chiyani kuimasula, mwanawe, ngati ili yotaya?"

Funso lawo linali loona. Ndinawayankha kuti kunja sikukanandiuza zonse, koma kunena chilungamo mawanga aja anali atandiuza kale dzulo lake. Anafunsa ngati washala yatsopano singakwane. Ikanatseka mwina miyezi ingapo, kenako ngalande ija ikanaidya. Kusalaza mpando ndi chida chake kumatheka pa mkuwa wamoyo, pa wodyekawu umangokumba dzenje. Anavomera kuti tisinthe. Ndinatuma mnyamata pa kabaza kukagula ball valve ya hafu inchi (valavu ya kampira m'kati), yuniyoni (cholumikizira chomasuka popanda kudula paipi), nipo (kapaipi kafupi ka mazinga mbali zonse ziwiri) ndi tepi ya mazinga.

Akale sanaike yuniyoni paliponse pafupi, choncho panalibe njira yochotsera stopcock popanda kudula paipi. Ndisanagwire sowo ndinayenda motsatira paipi, ndipo m'khitchini ndinapeza waya wobiriwira atamangidwa pa paipi ndi kabande. Nyumba zambiri zakale zimadalira paipi yachitsulo ngati earth, njira yotayira magetsi m'nthaka pakakhala vuto. Ukaidula, ndiye kuti wadula chitetezo cha nyumba, ndipo ngati pali chipangizo chimene chikudontheza magetsi, amadutsa mwa iwe wogwira mbali zonse ziwiri. Tinazimitsa magetsi pa switchi yaikulu, ndipo ndinawauza mayiwo kuti pakufunika wa zamagetsi adzakhome ndodo ya earth payokha.

Ndinadula paipi mbali yochokera ku mita. Chotsala chinali kuchotsa thupi la stopcock pa kapaipi kolowa m'khoma. Apa ndi pamene ndinalakwa. Mpata wa zala zitatu uja sunkalola kuti bobojani wachiwiri agwire paipi bwinobwino, ankangoluma ndi nsonga. Matuza a dzimbiri ndinali nditawaona. Chanzeru chinali kuswa simenti kaye kuti ndione paipi yambiri, kapena kucheka thupi la stopcock m'litali ndi sowo n'kulisenda ngati nthochi popanda kupotokola. Koma spindle inali itandimvera m'mawa, dzuwa linali pamutu, ndipo ndinkafuna kumaliza a zamadzi asanaweruke. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ndinakoka kamodzi. Sikunamveke phokoso lililonse, kunangofewa, ndipo stopcock inatsalira m'manja mwanga pamodzi ndi mazinga a paipi m'kati mwake.

Ndinayang'ana pothyokapo. Bowo la paipi linali litatsekeka ndi dzimbiri mpaka pensulo sikanalowa, ndipo khoma la paipi pa mazinga linali lopyapyala ngati chitini cha mkaka. Pamenepo ndi pofooka mwachibadwa. Podula mazinga timachotsa chitsulo komanso zinki yoteteza, ndiye pamene chitsulo chamaliseche chakhudzana ndi mkuwa m'madzi a mchere, chodyeka ndi chitsulocho. Onjezerani matope onyowa a madzi osefukira kawiri ndi simenti yosunga chinyezi. Paipi imeneyo ikanathyoka yokha chaka chimenecho kapena chotsatira. Koma ikanathyoka ili yawo. Tsopano inali yanga.

Ndinalowa m'nyumba n'kuwauza mayiwo mosabisa. Anakhala chete, kenako anati Loweruka kukubwera alendo a chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo. Limenelo linali Lachinayi.

Njira zinalipo zitatu. Kuika cholumikizira cha labala chofinya pa kachidutswa kotsala sikukanatheka, kanali kakafupi ndiponso kodyeka. Kuswa khonde ndi khoma kutsatira paipi mpaka pa elubo yoyamba, pamene paipi imakhota, kukanatheka, koma sindinkadziwa kuti ndikapeza chitsulo chamoyo pati, ndipo kugwedeza paipi yotere m'kati mwa khoma kumabala kudontha kwina kosaoneka. Njira yachitatu inali kuisiya m'khomamo, kuboola pena, n'kukalumikiza pa tiyi (cholumikizira chooneka ngati T) ya pansi pa sinki, imene inali poonekera ndipo nditaigogoda inalira ngati chitsulo chenicheni. Ndinasankha yachitatu. Koma imeneyo inali ntchito ya mawa, ndipo banja la anthu anayi silingagone opanda madzi kutentha kuli kopitirira madigiri 40.

Choncho masana amenewo tinakumba kubwerera chakumita, kudula pang'onopang'ono, mpaka patali ngati mita imodzi ndi theka pamene tinapeza paipi yokhuthala bwino. Tinadula mazinga atsopano, tinakweza paipi mpaka m'chiuno mwa munthu, kupitirira mzere umene madzi a Freddy anasiya pakhoma, n'kuikapo ball valve, tiyi ndi mpopi. A zamadzi atatsegula cha m'ma 4 koloko, pabwalo panali madzi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri nyumbayo inali ndi potsekera pake. Ndikanayamba ndi zimenezi, stopcock yakale sindikanaigwira n'komwe.

Lachisanu tinaboola khoma, tinadutsitsa paipi yapulasitiki ya IPS m'kati mwa chidutswa cha paipi yokulirapo kuti simenti isaikhudze, ndipo tinaika yuniyoni pafupi ndi valavu ndi ina pansi pa sinki. Pomasula pa tiyi ija ndinachita zimene ndinayenera kuchita dzulo lake: viniga, mafuta, mabobojani awiri ogwira mokwana, ndi kuleza mtima. Inamasuka bwinobwino. Mbali ya paipi imene ili padzuwa tinaikutira, chifukwa dzuwa la kuno limaumitsa pulasitiki mpaka kusweka. Zipangizo anagula mayiwo, ntchito ya tsiku lachitatu sindinawalipiritse. Anaumirira, ndinakana, ndiye anandipatsa nsomba zouma za ku Elephant Marsh.

Potsegula madzi tinachotsa kaye mutu wa shawa ndi valavu ya thanki ya chimbudzi, n'kusiya mipopi itulutse madzi ofiira mpaka atayera. Mukapanda kutero, zinyenyeswa za dzimbiri zimene mwagwedeza zimakatseka timabowo tating'ono, mawa lake mwaitanidwanso. Mphamvu ya madzi inakwera moti mdzukulu wamng'ono anathawa m'bafa, ndipo walira mvula walira matope: mpopi wa m'bafa umene unali chete unayamba kudontha. Tinasintha washala. Thanki ya chimbudzi, imene inayambitsa zonsezi, inanditengera mphindi khumi zija. Wa zamagetsi anabwera madzulo ake kudzakhoma ndodo.

Pali zinthu zingapo zimene ndasintha pa kagwiridwe kanga kuchokera tsiku limenelo. Ndikapeza stopcock yolimba pa paipi yachitsulo yakale, ndimamuuza mwini nyumba ndisanagwire sipanala kuti paipi ikhoza kuthyoka, ndi mtengo wake ikathyoka, kuti asankhe yekha tsiku, osati kumva nkhaniyo madzi atatsekedwa kale alendo ali m'njira. Ndimapala thupi lake ndi mpeni tsiku loyamba, ndipo likafiira sinditayanso usiku kuinyengerera. Imene ndaimasula n'kupeza kuti ndi yamoyo, ndimaitsegula mpaka pothera kenako kubwezera theka la kuzungulira, kuti isakhomeke m'mwamba ndiponso wodzaigwira pambuyo akhale ndi kopita mbali zonse ziwiri. Valavu zimene zili ndi chizindikiro cha DZR zinapangidwa kuti zisataye zinki. Mukazipeza, ngakhale pokwera ku Blantyre, ndi zoyenera madzi athu. Imene ndinaika ku Nchalo ndi wamba, chifukwa ndiyo inapezeka tsiku limenelo.

Ndinabwererako mu Febuluwale, mvula ili pakati. Panalibe podontha pa zolumikiza zatsopano, ndipo mayiwo anati bilu yatsika moti anabwerera ku ofesi kukafunsa ngati sanalakwitse. Koma chogwirira cha ball valve chinali chitayamba kale kulimba, miyezi inayi yokha, chifukwa panalibe amene anaigwirapo. Ndinaitana mdzukulu wa pulayala uja n'kumupatsa ntchito: tsiku limene bilu yafika, atseke ndi kutsegula katatu, pang'onopang'ono kuti paipi zakale za m'nyumba zisagwedezeke.

Potuluka mayiwo ananditengera kuseri kwa bafa. Pakhoma, m'munsi mwa zenera, laimu anali atatupa pamalo okula ngati chikhatho, ndipo nditakanikiza chala chinanyowa. Pamenepo ndi pamene pamadutsa paipi yakale yopita ku shawa. Tinatseka mipopi yonse n'kukayang'ana mita: kamuvi kakang'ono kankayenda, mwaulesi koma kankayenda. Ndinawauza mtengo wosinthira mbali yonse ya kubafa. Anawerenga pa zala, n'kunena kuti tidikire agulitse thonje, ndipo pakadali pano usiku azitseka pa valavu.